Manda Opanda Mitembo a pa Nakhonyo

Lachinayi, 14 Okutobala 1999

Inali 10 koloko m'mawa, Lachinayi pa 14 Okutobala 1999, pamene bwana Mpinda anandikankhira pepala patebulo n'kuikapo bolopeni pamwamba pake. Nthawiyo ndikuikumbuka bwino chifukwa wotchi ya muofesimo inali kumbuyo kwa mutu wawo, ndipo ine, poopa kuwayang'ana kumaso, ndinkangoyang'ana wotchiyo. Iwe Fanuwelo unali kumsana, uli ndi miyezi isanu ndi iwiri. Iwe Lute unali kusukulu. Ndikulemba izi tsopano nditapuma ntchito, chifukwa nonse awiri mwakula mukumva anthu akunena kuti mayi anu anachotsedwa pa Boma chifukwa cha mwano. Ine mwano? Ine amene ndinkachita manyazi ngakhale kunenerera tomato pamsika? Sukulu ndinalekeza sitandade 4, choncho musayembekezere Chichewa cha m'mabuku. Koma zimene ndilembe pano ndinaziona ndi maso anga. Kuti mumvetse za pepalalo, ndiyambe ndi mmene ndinafikira paphiri paja.

1991 mpaka 1993: Ntchito yanga yoyamba

Madzi a Napolo atatsika m'phiri la Michesi mu Malichi 1991, anatenga bambo ako, Lute, a Jailosi, ali kudimba. Iwe unali wakhanda. Mtembo wawo sitinaupeze. Tinafunafuna m'matope ndi pansi pa miyala masiku asanu ndi anayi, mpaka akuluakulu anati basi, tasiyani. Mabanja ambiri zinawachitikira chimodzimodzi. Mwambo wathu umati munthu akasowa chotero, muike thunthu la nthochi m'manda m'malo mwake. Koma manda a mudzi wathu nawonso anali atakwiririka ndi miyala ikuluikulu ngati nyumba. Tikanaika kuti?

Mu Novembala chaka chomwecho ndinalembedwa ntchito pa nazale ya mitengo imene inali m'munsi mwa kaphiri ka Nakhonyo, kuseri kwa msika wa pa Boma. Ankalemba amayi amasiye poyamba. Ntchito yanga inali kuthira dothi m'machubu, kufesa, kuthirira, ndi kusesa pamwamba pa phiri. Pamwambapo ndi pathyathyathya, ndipo kuyambira kale anali malo a aliyense. Panali mabenchi anayi a matabwa ndi chikwangwani chakutha cholembedwa kuti malowo ndi opumulirapo anthu onse. Pa Khirisimasi pankadzaza anthu ndi mawayilesi awo. Amayi a mipingo ankakwera Lachisanu kukapemphera. Akwati ankajambulitsa pamenepo, chifukwa kukacha bwino nyanja ya Chilwa imaoneka kutali uko ngati lata. Palibe ankafunsidwa kuti ndiwe yani, kapena wavala nsapato kapena ayi.

Kapitawo wathu anali a Khoromana, bambo wamfupi wa ndevu zoyera, wosachotsa ndudu ya chingambwe pakamwa. Tsiku langa loyamba anandifunsa dzina katatu osamva yankho langa.

"Kodi pakamwa pako panalowa njuchi? Chabwino, ndiwe Chete."

Dzinalo linandikanirira mpaka lero.

A Khoromana nawonso anataya mlongo wawo m'madzi muja. Ndi iwo amene anabwera ndi nzeru ya mitengo. Anatiuza ife ofedwa kuti: "Mlombwa ukautema umatuluka magazi ngati munthu. Bweretsani dzina, ine ndikupatsani nthambi." Mlombwa sulira mbewu. Umadula nthambi yonenepa ngati mkono, n'kuizika pansi mvula isanayambe, ndipo imaphuka. Choncho banja lililonse limene silinapeze mtembo linkakwera phiri, a Khoromana n'kukumba dzenje, achibale n'kuzika nthambi, kutchula dzina la wotayikayo, kuimba nyimbo imodzi, basi maliro atha. Ine ndinazika ya a Jailosi kumbali ya kum'mawa, moyang'anana ndi kumene kunali dimba lawo. Mitengo yonse inakwana makumi anayi ndi umodzi.

Mitanda sitinaike. Abusa a nthawi imeneyo anati mtanda popanda mtembo n'kunamiza Mulungu. A Khoromana nawo anati akuluakulu a kuofesi akaona mitanda adzati tasandutsa malo a boma kukhala manda, adzazula zonse. Inali nthawi ya chipani chimodzi, munthu sunkafunsa zambiri. Ndiye tinangokhala chete, ife eni ake tikudziwa.

Chaka cha 1992 kunali chilala chimene simungachimvetse. Mjigo unali m'munsi mwa phiri. Ndinkakwera kasanu ndi kamodzi patsiku, ndowa pamutu, iwe Lute kumsana. Kheni yothirira inali imodzi, yobooka, tinkaimata ndi sopo m'mawa uliwonse. Mitengo isanu inauma, tinazikanso ina. Khosi langa limene mumaliona likukanika kutembenukali, linayamba chaka chimenecho.

1994 mpaka 1997: Matipate, Jenala, ndi kubwerera

Matipate atabwera, anthu anasangalala, inenso ndinavina nawo. Koma mitengo inaona zakuda. Aliyense ankalowa ndi nkhwangwa paliponse, ukamuletsa n'kukuyankha kuti, "Zinthu zasintha, mayi, ndi ufulu wanga." Bulugamu yense wa m'mbali mwa Nakhonyo anatha miyezi yochepa. Koma tamverani izi: milombwa ya pamwamba palibe anaikhudza. Ngakhale otentha makala, ngakhale oledzera. Munthu wa kuno sadula mtengo wa kumanda. Nkhuni zake suphikira, mthunzi wake sugulitsa. Mitengo ija inalibe mpanda, inalibe mlonda, koma inali ndi mayina.

Kuntchito zinthu zinayamba kusowa chimodzichimodzi. Machubu anasiya kubwera, tinkatola mapepala a shuga ndi a mchere pamsika n'kumaboola pansi. Magambutsi omaliza ndinalandira mu 1993. Wilibala inathyoka mwendo, a Khoromana anaimangirira ndi luzi. Ukapempha kanthu kuofesi ankati, "Tikuyembekezera a kulikulu."

Mu 1995 ananditumiza ku Jenala kukayambitsa nazale ina. Bwana wa kumeneko ankabwera kamodzi pamwezi, kudzawerenga mbande ali pa njinga osatsika. Mbuzi zinkadya mbande kuposa zimene anthu ankadzala. Chabwino chimene ndinapeza ku Jenala ndi bambo ako, Fanuwelo, a Mulipa, ngakhale kuti nthawi zambiri ankakhala kuminda ya tiyi ku Mulanje, kumene ankagwira ntchito.

Mu 1997 a Khoromana anadwala chifuwa, ndipo anapempha kuti ine ndibwerere pa Boma. Tsiku lina anandiuza kuti ndiwagwire mkono tikwere phiri. Tinapuma kanayi panjira. Titafika anayamba ndi mtengo wa pafupi ndi chikwangwani, anaugwira ndi dzanja.

"Uwu ndi Marita, mkazi wa telala. Madzi anamupeza akusinja. Bwereza."

Ndinabwereza.

"Mokweza, Chete! Ukunong'oneza ndani? Akufa samva manong'onong'o."

Tinayenda mtengo ndi mtengo mpaka yonse inatha, ndipo tinatero masiku atatu. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, bwanji osangolemba m'kope?"

"Kope limadyedwa ndi chiswe. Likapulumuka kwa chiswe limakathera patebulo la bwana. Mutu wako sangautsegule."

Anamwalira mu Ogasiti. Ndinkawakonda ngati bambo anga ondibereka, koma pa nkhani ya kope ija analakwitsa, ndipo ndinawakwiyira ali m'manda.

1998 mpaka 1999: Penti yofiira

Phalombe atakhala boma palokha, pa Boma panadzaza anthu achilendo, magalimoto, ndi misonkhano. Anthu amenewa ankafuna pogona ndi pomwera. Ife anatibweretsera bwana watsopano, a Mpinda, mnyamata wa kutauni, wa nsapato zosongoka ndi njinga yamoto. Chaka chathunthu sanakwerepo phiri. Nazale ankaiyang'anira pawindo.

Mu Ogasiti 1999 anakwera koyamba, ali ndi anthu awiri. Wina anali woyeza malo. Winayo anali bambo wamimba, wa mphete ziwiri, amene aliyense ankangomutcha kuti a Dayirekita. Ankalankhula Chingerezi chokhachokha, akuloza uku ndi uku. Bwana anandipatsa nsonga ya tepi kuti ndigwire, ndinagwira. Kenako anandipatsa chitini cha penti yofiira ndi burashi.

"Mayi, mtengo uliwonse umene uli mkati mwa chingwechi muupake chizindikiro."

Ana anga, apa ndi pamene pamandiwawa kwambiri. Zaka ziwiri ndinali ndikupempha waya woti titchingire mbuzi pamwambapo. Nditaona chingwe ndi tepi, mumtima ndinati waya uja wabwera. Funso linafika pakhosi, loti kodi penti ndi yachiyani, koma ndinachita manyazi kufunsa pamaso pa alendo ovala bwino. Ndinapaka. Mitengo yonse makumi anayi ndi umodzi ndinaipaka ndi dzanja langali. Wa bambo ako, Lute, ndinaupaka bwinobwino, mozungulira, kuti anthu a waya asauphonye.

Amene ananditsegula maso ndi Edina. Mukumudziwa, uja ankagulitsa kalongonda pakhomo la msika, wa mawu omveka kutsidya kwa msewu. Edina anataya ana awiri m'madzi muja, Rozi ndi Patuma, ndipo mitengo yawo inali yoyandikana. Anandipeza pamjigo, anandilanda ndowa n'kuiponya uko.

"Chete, wagulitsa ana anga?"

"Ndagulitsa bwanji, asisi?"

"Usandiyankhe ngati mwana! Msika wonse ukudziwa kuti pamwamba paja amangapo loji ndi bala. Geti, mlonda, kulowa n'kulipira. Ndipo akuti wopaka penti ndiwe. Anthu azikakodzera mowa pamene pali Rozi wanga, iwe uli duu ngati chitsa!"

Ndinakhala pansi pamatope pomwepo.

Mwezi wa Seputembala wonse anthu anayesetsa. Mphunzitsi wina anawalembera kalata, anthu anadinda zala, Edina ndi amayi ena anakaipereka kuofesi. Amayi a mipingo anadandaula za malo awo opempherera. Ojambula zithunzi anadandaula za akwati. Yankho linali limodzi: chitukuko sichiimitsidwa ndi mabenchi anayi. Anthu atanena za manda, bwana Mpinda anaseka. "Manda amakhala ndi mitanda. Ndionetseni mtanda umodzi, kapena pepala limodzi." Panalibe. Ine nthawi yonseyi sindinapite nawo kuofesi. Ndinkaopa. Kanyumba kamene tinkakhala kanali ka ntchito, a Mulipa anali kutali, iwe Fanuwelo unali kubere. Ndikakumana ndi Edina ndinkapatuka njira. Ndikulemba zimenezi kuti musadzanditenge ngati munthu wolimba mtima. Sindinali.

Tsiku lija

Tsopano tabwerera ku pepala lija. Linali la Chingerezi.

"Sainani apa, mayi. Ngati kulemba kukuvutani, tidinda chala."

"Likuti chiyani, bwana?"

Anadabwa kumva mawu anga. "Palibe chovuta. A kulikulu amva mphekesera za manda, ndiye akufuna umboni wa munthu wosamalira malowo. Likungonena kuti zaka zonse mwagwira ntchito pano, simunaonepo munthu akuikidwa pamwamba paja. Ndi bodza?"

"Si bodza."

"Munaonapo bokosi likukwera phiri lija?"

"Ayi, bwana."

"Munaonapo adzukulu akukumba manda?"

"Ayi."

"Ndiye vuto lili pati? Inu ndinu mayi wopemphera. Sindikukupemphani kunama."

Taonani kuchenjera kwake. Mawu aliwonse papepalapo anali oona, koma pepala lonselo linali bodza. Anapitiriza mofatsa. Anati a Dayirekita alonjeza kuti loji ikatha ndidzakhala woyang'anira maluwa, wa yunifolomu. Anati ndikavuta, ku Chiwalo kukufunika munthu wa nazale, ndipo kumeneko sukulu ili kutali, nyumba ya ntchito kulibe. "Ganizirani ana anuwa," anatero, akuloza iwe Fanuwelo ndi bolopeni.

Ndinaganizira. Ndinaitenga bolopeniyo, ndisakubisireni. Ndinaiika papepala pamene panali kamtanda kosonyeza posaina.

Ndiye ndinamva. Ofesi yathu inali m'munsi mwenimweni mwa phiri, windo lili lotsegula. Kho! Kho! Kho! Munthu amene wagwira ntchito ya mitengo amasiyanitsa nkhwangwa yowaza nkhuni zouma ndi nkhwangwa yolowa mumtengo wamoyo. Iyi inali yolowa mumtengo wamoyo, ndipo sinali imodzi.

"Bwana, akudula?"

Anayang'ana wotchi ya pamkono. "Ayamba 8 koloko. Mukuganiza kuti ntchito ya mamiliyoni ingadikire siginecha ya munthu wa sitandade 4? Pepalali n'longoika m'fayilo."

Chimene chinandichitikira sindichidziwa dzina lake. Manyazi onse amene ndinabadwa nawo anangouma ngati madzi pa chiwaya. Anandiitana m'mawa kuti ndikhale pabenchi maola awiri kudikira, kuti ndisakhale kuphiri. Anandigwiritsa tepi. Anandipakitsa penti. Tsopano ankafuna dzina langa likhale pansi pa zonsezo. Ndinaika bolopeni patebulo.

"Sindisaina."

"Mwati?"

"Sindisaina, bwana. Sainani nokha. Inu ndi amene simunaonepo kanthu paphiri paja."

Ndinatuluka osatseka chitseko. Ndinathamanga kudzera kumsika, iwe ukulira kumsana. Edina anandiona n'kutembenuza nkhope, koma ndinamugwira dzanja.

"Asisi, akudula."

Sanafunse kawiri. Anasiya beseni la kalongonda lili pomwepo, anamanga chitenje m'chiuno, n'kukuwa mfuu umene unaimitsa msika wonse. Pokwera phiri tinali amayi oposa makumi awiri, abambo ena akutsatira, ena atanyamula ndi masikelo awo osadziwa.

Pamwamba tinapeza amuna asanu ndi mmodzi a nkhwangwa. Sanali a pa Boma. Anthu a pafupi onse anali atakana ganyuyo, ndiye anakawatenga kutali pa lole osawauza kanthu. Mitengo isanu ndi inayi inali pansi. Utomoni wa mlombwa unali paliponse, pa zitsa, pa nkhwangwa, pa malaya a amunawo, wofiira, ukuyenderera ngati pophera ng'ombe. Benchi imodzi anali ataiphwanya. A Dayirekita anakhala pa benchi ina, munthu wawo atawagwirira ambulera.

Edina anathamangira kumene kunali mitengo ya ana ake. Yonse iwiri inali itagwa, wina pamwamba pa unzake. Mawu amene anatukwana sindingawalembe m'buku loti muwerenge inu.

A Dayirekita anaimirira akumwetulira. "Amayi, amayi, mtima pansi. Ichi ndi chitukuko. Ana anu omwe adzapeza ntchito pano."

"Ana anga ndi awo mwagwetsawo!" anatero Edina. "Alembeni ntchito, ndi awo!"

"Mayi, imeneyo ndi mitengo. Manda ali kuti pano? Ndionetseni. Anyamata, pitirizani, dzuwa likupita."

Amuna aja anayang'anana, mmodzi n'kukweza nkhwangwa. Amayi ankakuwa onse nthawi imodzi, osamveka chimene akunena. Aliyense ankadziwa mtengo wake wokha, ena eni ake anali atasamuka kapena kumwalira. Wodziwa yonse ndinali ine ndekha.

Ndinapita pa mtengo wa pafupi ndi chikwangwani, ndinaugwira ndi dzanja monga ankachitira a Khoromana. Chichewa chinandithawa, ndinayamba m'Chilomwe cha amayi anga, ndipo mawu amene anatuluka sindinawazindikire kuti ndi anga.

"Uwu ndi Marita, mkazi wa telala. Madzi anamupeza akusinja."

Kumbuyo kwanga telala uja, amene anabwera ndi tepi yake pakhosi, anayankha kuti, "Ndi yemweyo."

Ndinapita pa wachiwiri. "Uwu ndi agogo a Namathanga, osaona. Anakana kuthawa osapeza ndodo yawo." Wina anayankha. Wachitatu. "Uwu ndi mwana wa Esinati, sanapatsidwe dzina, anali ndi masiku anayi." Esinati anagwa pansi. Phokoso lonse linatha. Ndinkangomva mawu anga, mphepo, ndi kuyankha kwa anthu. Pofika pa zitsa sindinalumphe. Ndinkaika dzanja pa chitsa chonyowacho n'kutchula. "Apa panali Rozi. Apa panali Patuma, mng'ono wake. Anagwirana manja."

Chitsa chachisanu ndi chinayi chinali kum'mawa. Thunthu linagona chamutu kulozera kudimba, penti yanga ili bwinobwino mozungulira. Nthawi imeneyo bwana Mpinda anali atafika, ali wefuwefu, nsapato zosongoka zija zili mbuu. Ndinawayang'ana kumaso koyamba chiyambire.

"Awa ndi a Jailosi, amuna anga, bambo a Lute. Ndinawasenzera madzi chaka cha chilala mpaka khosi langa linapindika. Penti iyi ndinapaka ndine, chifukwa inu munandipatsa burashi osandiuza. Munadziwa kuti Chete safunsa. Lero ndikufunsa. Bala yanuyo kauntala yake ikhala pamutu pa ndani?"

Amene analankhula ndi wamkulu wa odula aja, bambo wa imvi. Anavula chipewa. Anayang'ana manja ake ofiirawo nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa a Dayirekita.

"Bwana, munati tikulambula tchire. Simunatiuze kuti ndi kumanda."

"Palibe manda pano, mdala iwe! Palibe mtembo ngakhale umodzi!"

"Mtembo ndi wa nyerere, bwana. Manda ndi dzina." Anaika nkhwangwa pansi. "Iyi sindingalowe nayonso m'nyumba mwanga. Amayi, tisambe kuti?"

Mukudziwa kuti amuna akachoka kumanda salowa m'mudzi asanasambe m'manja. Ndinatsika ndekha kumjigo, ndinakwera ndi ndowa yanga ija, ndipo amuna asanu ndi mmodziwo anagwada pamzere, Edina akuwathirira madzi, misozi ili chuchuchu, pakamwa akutukwanabe. Nkhwangwa zonse anazisiya pomwepo. Anakana kukwera lole ya a Dayirekita, anapita kwawo wapansi.

Kalata yanga inabwera 4 koloko madzulo omwewo. Kusamvera akuluakulu, kuchoka pantchito popanda chilolezo, kuutsa chipolowe. Ndipite ku Chiwalo. Lole idzanditenga mawa lake masana, ndipo kiyi wa kanyumba ndisiye kuofesi.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Sabata isanathe pamwamba paja panali mitanda makumi anayi ndi umodzi, ina ya matabwa, ina ya bango, ndipo abusa atsopano anakwera kukaipempherera. Palibe waganyu anavomeranso kukwera ndi nkhwangwa, ngakhale ochokera kutali, chifukwa mbiri inali itawanda. A Dayirekita anakamanga loji yawo m'mphepete mwa msewu. Bwana Mpinda anakwezedwa, anapita kulikulu. Ine ndinakhala ku Chiwalo mpaka kupuma ntchito, pa udindo womwewo umene ndinalowera, kalata ija ili m'fayilo yanga. Iwe Lute unataya chaka chathunthu cha sukulu chifukwa cha mtunda, ndipo unandikwiyira, ndikudziwa. Palibe wa kuofesi anabwerapo kudzanena kuti pepani. Masiku ano ndimamva akuluakulu akamalankhula pamwamba paja pa tsiku lodzala mitengo, amati ofesi yawo inateteza malowo. Ndikamva zimenezo ndimazimitsa wayilesi. Anthu amati ndikhululuke, papita zaka. Zondiopseza ndi Chiwalo ndikhoza kuwakhululukira bwana Mpinda. Koma zondipatsa burashi zija, ayi, sindinafikepo.

Lachisanu, 15 Okutobala 1999

M'mawa mwake ndinadzuka kukuyera, katundu ndisanamange. Ndinatenga chikwanje, khasu ndi ndowa. Edina ndinamupeza ali kale pamwamba, atakhala pakati pa zitsa za ana ake.

Mlombwa wogwa dzulo umakhala usanafe. Pa mtengo uliwonse mwa isanu ndi inayi ija ndinadula nthambi yonenepa ngati mkono, n'kuizika pambali pa chitsa chake chomwe, mosamala kuti ndisasokoneze, nthambi ya Rozi isapite kwa Patuma. Edina ankagwira, ine ndikutsendera dothi ndi chidendene. Titatha tinatenga mipeni n'kupala penti pa mitengo yotsalayo, umodziumodzi. Kenako ndinamugwira mkono n'kupita naye pa mtengo wa pafupi ndi chikwangwani.

"Uwu ndi Marita, mkazi wa telala. Bwerezani."

"Iwe Chete, ukundiyesa mwana wa sukulu?"

"Bwerezani, asisi. Ine ndikupita. Ndipo madzulo mukapeze mphunzitsi uja alembe m'makope atatu."

Anabwereza, mokweza moti a kumsika anamva.

Dzuwa lili pamutu lole inafika m'munsi n'kuyamba kuliza hutala. Ndinali nditakwera ndi ndowa kasanu ndi katatu, patatsala nthambi imodzi, ya kum'mawa. Dalaivala anatulutsa mutu pawindo pamene ndinkapopa mjigo.

"Mayi, ine ndilibe tsiku lonse!"

"Mudikira," ndinatero.

Ndinasenza ndowa, ndinakwera, ndinathirira bambo ako pang'onopang'ono mpaka dothi linaleka kumwa. Kenako ndinatsika kukamanga katundu.